Galimoto Ikamakulirirani Pii Pii: Mawu kwa Obwera Kumene ku Ireland

Tsiku loyamba kupatsidwa galimoto ya kuntchito ndinaimika pambali pa msewu kawiri, kuyesa kuti chitseko sichinatsekeke bwino. Ndinamasula lamba n'kumanganso, ndinatuluka kukayang'ana matayala, koma nditangoyambanso kuyenda, kaphokoso kaja pii pii pii. Mayi amene ankandiphunzitsa ntchito anangoseka n'kuloza pa dashibodi. Panali kachizindikiro kozungulira kofiira m'mbali, mkati mwake 50, kakuphethira. Ine ndinali pa 56.

Inu amene mwalowa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kapena yokasiya katundu, mukumana nazo zimenezi msanga, chifukwa makampani amakonda galimoto zatsopano. Chipangizochi dzina lake ndi Intelligent Speed Assistance, mwachidule ISA. Chinabwera ndi lamulo la European Union lomwe linakhazikitsidwa mu 2019. Kuyambira mu July 2022 mtundu uliwonse watsopano wa galimoto unayenera kukhala nacho, ndipo kuyambira pa 7 July 2024 lamulo linakhudza galimoto zonse zatsopano zogulitsidwa m'maiko a bungweli, Ireland ali momwemo. Kuno n'kosavuta kudziwa: yang'anani nambala. Manambala atatu oyambirira amanena chaka ndi theka lake, ndiye 242 ndi galimoto yolembetsedwa kuyambira July mpaka December 2024, pamene 251 ndi ya kumayambiriro kwa 2025. Mukaona 242 kupita m'tsogolo, yembekezerani kulira. Kagalimoto kanu kakale kamene mudzagule ndi malipiro a miyezi itatu, kaja kochokera ku Japan konga tomwe tadzaza ku Lilongwe, sikakhudzidwa. Palibe adzakuuzeni kuti mukaikitse.

Kumtunda kwa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, kuli kamera yomwe imawerenga zikwangwani za liwiro. Galimoto zambiri zimaphatikiza zomwe kamera yaona ndi mapu komanso GPS. Mukapitirira, imakuchenjezani, ndipo kachenjezedwe kake kamasiyana malinga ndi wopanga: ina imalira, ina imanjenjemera, ina chopondera moto chimalimba ngati chikukankha phazi lanu, inanso imachepetsa mphamvu ya injini pang'onopang'ono. Zambiri zomwe ndayendetsapo ndi zongolira. Chachikulu, ISA sikupondera buleki. Ndimanena izi chifukwa m'magulu athu a WhatsApp munadutsa nkhani yoti galimoto za kuno zimaima zokha ukathamanga. Buleki yodziponda yokha ilipo, koma ndi chipangizo china, chogwira ntchito pamene mwatsala pang'ono kuomba chinthu. Ndipo ngati mukufuna kupitirira thirakitala, mukaponda moto mwamphamvu galimoto imamvera inu.

Kuzimitsa n'kotheka. Koma lamulo lomwelo limati mukazimitsa injini n'kulizanso, chipangizocho chiyakenso chokha. Kwa munthu woyendera makomo khumi pa tsiku, ndiye kuti kakhumi konse muzisakasaka pa sikirini. Ndili ndi mnzanga wa kwathu kuno amene zala zake zinazolowera: lamba, giya, kuzimitsa kaphokoso, zonse asanatuluke pa geti. Amati sangalamulidwe ndi makina ngati mwana. Ndimamumvetsa, phokosolo limatopetsa, makamaka usiku utagwira ntchito maola khumi ndi awiri. Koma iye ali ndi laisensi ya kuno ya zaka zambiri. Inu mulibe.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Laisensi ya ku Malawi sisinthidwa mwachindunji n'kukhala ya ku Ireland monga zimachitikira ndi ya ku South Africa. Mumayambira pansi: mayeso a malamulo a pamsewu, chilolezo cha wophunzira, maphunziro oyendetsa, chilembo L pa galimoto, kenako mukakhoza, chilembo N kwa zaka ziwiri. Kugwidwa mukuthamanga ndi chindapusa cha €160 ndi mapointi 3 a chilango, omwe amakhala pa dzina lanu zaka zitatu. Woyendetsa wakale amaletsedwa kuyendetsa akafika mapointi 12. Wa L kapena N amaletsedwa pa 7 pokha, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Werengani nokha: kugwidwa katatu, basi. Ndipo ngati ntchito yanu ndi ya pa chiwongolero, miyezi isanu ndi umodziyo ndi lendi, ndi sukulu fizi ya ana kumudzi, ndi chilolezo chanu chogwirira ntchito chomwe chinamangidwa pa bwana mmodziyo. Ndiye kaphokosoko, ngakhale kakunyansa, wakutsina khutu ndi mnansi.

Kwathu tinazolowera kuona apolisi apamsewu ndi kamera yawo pansi pa mtengo, anzathu obwera kutsogolo n'kutiphethirira magetsi, ndipo ukagwidwa pamakhala kukambirana. Kuno kawirikawiri simuona munthu. Pali mavani okhala ndi kamera oimikidwa pambali pa msewu, ndipo malo ena, monga mu Dublin Port Tunnel ndi pa M7 pakati pa Nenagh ndi Birdhill, makamera amawerengera nthawi yomwe mwatenga kuchoka apa kufika apo, kotero kuchepetsa liwiro pa kamera pokha sikuthandiza. Kalata ya chindapusa imangofika. Ikakhala galimoto ya kampani, imapita kwa abwana, iwo n'kulemba dzina la amene ankayendetsa tsiku limenelo.

Tsono musaganize kuti ndikuti muikhulupirire. Imanama, ndipo imanama mopanda manyazi.

Tsiku lina ndili pa msewu waukulu wa 120, mvula ikuwaza, galimoto inaona chikwangwani cha 50 cha kamsewu kopatukira kumanzere n'kuchitenga ngati changa. Inayamba kukuwa, 50 ikuphethira mofiira. Phazi langa linapita lokha pa buleki. Pagalasi ndinangoona mphuno ya thiraki yadzaza, hutala ili pwii, madzi akuthovoka m'mbali. Ndinachotsa phazi mtima uli m'mwamba, ndipo manja ananjenjemera mpaka pomwe ndinakaima. Palibe chimene ndinalakwa pa liwiro, kulakwa kwanga kunali kumvera makina ndisanayang'ane msewu. Kuyambira pamenepo ikalira ndimayamba ndadzifunsa kuti chikwangwani chomaliza chomwe ndaona ndi maso anga chinali chiti. Imasokonezekanso ndi timapepala ta manambala tomata kumbuyo kwa malole ndi mabasi, ndi zikwangwani zophimbika ndi mipanda ya zitsamba m'misewu ya kumidzi, ndi za pomwe akukonza msewu zomwe aiwala kuchotsa. Dzuwa likakhala pansi m'nyengo yozizira, kapena galasi likachita nkhungu, kamera imaona mwa apo ndi apo.

Bodza loopsa kwambiri ndi la mbali inayo, pamene ikukhala chete inu mukulakwa. Pa 7 February 2025 liwiro la m'misewu ing'onoing'ono ya kumidzi, ija nambala yake imayamba ndi chilembo L, linatsitsidwa kuchoka pa 80 kufika pa 60. M'misewu yambiri yotereyi chikwangwani chake chilibe nambala: ndi chozungulira choyera chokhala ndi mizere yakuda yopingasa. Kale chinkatanthauza 80, tsopano ndi 60. Galimoto yomwe ndinkayendetsa inali ndi mapu akale, inapitiriza kundionetsa 80, ine n'kumayenda pa 75 mtima uli m'malo, ndikumvetsera wailesi. Kalata itabwera ndinafotokozera abwana kuti dashibodi inkanena 80. Anandimvera chisoni, koma mapointi atatu analembedwa pa ine. Lamulo limayang'ana chikwangwani ndi woyendetsa, za dashibodi ndi zanu.

Choncho manambala awa akhale m'mutu, osati pa sikirini pokha: msewu umene nambala yake imayamba ndi M ndi 120, wa N ndi 100, wa R ndi 80, L ya kumidzi ndi 60, m'tauni 50, ndipo pakati pa Dublin ndi m'malo ambiri okhala anthu 30, pokhapokha chikwangwani chikanena zina.

Kenako pali malire. Mukatenga M1, osati yathu ija ya ku Dedza ndi Ntcheu, koma yochoka ku Dublin kulowera ku Belfast, mukadutsa Dundalk mumalowa Northern Ireland popanda geti kapena msilikali. Zikwangwani zimasintha kuchoka pa makilomita kupita pa mamailosi. 70 ya kumeneko ndi pafupifupi 113 ya kuno, 60 ndi 97, 30 ndi 48. Galimoto ina imazindikira yokha, ina imasokonezeka kwa kanthawi n'kumakulirirani pa 70 mukuyenda bwinobwino, ndipo mukaimvera mukhala chopinga pakati pa msewu. Ndingotsina khutu pano: kusowa kwa geti sikutanthauza kuti mwaloledwa. Ndi pasipoti ya ku Malawi mufunika viza ya ku UK ngakhale mukungopita kukagula zinthu ku Newry, ndipo chilolezo cha wophunzira cha kuno sichigwira ntchito kumeneko.

Chimene chimavuta ambiri sabata zoyambirira si makina ayi, ndi anthu akumbuyo. Inu muli pa 50 yeniyeni kuopa kulira, wina wa galimoto yakale wakumatirani kumbuyo. Mlendo amachita manyazi, amaona ngati akuchedwetsa eni dziko, ndiye amaponda. Musatero. Dziwaninso kuti mita ya liwiro imaonetsa mopitirira pang'ono liwiro lenileni, motero amene ali kumbuyoyo amaona ngati mukukwawa. Msiyeni apitirire pomwe pali mpata, mapointi ake ndi ake.

Mukamalandira makiyi, musachite manyazi kufunsa wokupatsaniyo kuti akuonetseni, galimoto ili chiimire, mmene yawoyo imachenjezera ndiponso ngati phokoso lingachepetsedwe nambala n'kutsala ikuoneka. Funsaninso ngati kampani imalola kuzimitsa, chifukwa ena amaika kabokosi kawokawo kotumiza ku ofesi liwiro lanu lonse, ndipo kameneko n'kosiyana ndi ISA. Pukutani galasi pamene pali kamera m'mawa uliwonse wachisanu. Kalata ija ikakupezani, musaibise pansi pa matiresi: mukadutsa masiku 28 musanalipire, €160 imasanduka €240, ndipo nkhani ikafika kukhoti n'kukupezani wolakwa, mapointi amakhala 5.