Thovu la m'ploti ya mpunga si feteleza wothawa

Mayi, mwafunsa za tithovu timene timatuluka mukamaponda m'ploti yanu ku Likangala, ngati ndi feteleza amene mwathira uja akuuluka, komanso ngati mwana wanu wa kusekondale akunena zoona kuti mpunga ukutenthetsa dziko. Mtima pansi. Feteleza ali nazo njira zake zothawira, makamaka yureya mukamuwaza pamadzi ambiri dzuwa likuswa mtengo, koma iyeyo amathawa mwakachetechete, osaoneka. Thovu mukulionalo gawo lake lalikulu ndi mpweya wotchedwa methane, ndipo eni ake ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matopemo.

Mukangotsekera madzi m'ploti, mpweya wabwino umene unali m'nthaka umatha m'tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa tizilombo ta m'dothi timaupuma wonse ndipo madzi amatchinga kuti wina usalowe. Ukatha, mabakiteriya ena amayamba kupumira zina zimene zilipo, poyamba nayitireti (mtundu wa nayitrojeni wa m'nthaka), kenako chitsulo cha m'dothi. N'chifukwa chake dothi limene linali lofiirira nthawi yogaula, mukalifukula ndi chala patatha milungu ingapo lili m'madzi mumalipeza lotuwa mobiriwira. Zonsezi zikatha m'pamene amadzuka opanga methane aja. Iwowa ndi odya makombo. Sangathe kutafuna phesi paokha. Amadikira anzawo aphwanye mapesi, udzu ndi mizu yakufa n'kuzisandutsa timadzi towawasa ngati viniga ndi mpweya wa haidrojeni, iwo n'kumatola zimenezo, ndipo chimene amatulutsa ndiye methane. Amene munaonapo mgolo wa mowa ukuwira wokha popanda moto mukudziwa kale mmene zimakhalira, kungoti m'mgolo muja ogwira ntchito ndi ena ndipo mpweya wake ndi wina.

Tizilombo topanga methane timeneti mpweya umene ife timapuma ndi poizoni kwa ito. Tizilomboti sitili ngakhale m'gulu la mabakiteriya. Mu 1977 katswiri wa ku America, Carl Woese, anaonetsa kuti ndi mtundu wapawokha wa zamoyo, umene lero umatchedwa archaea. Achibale awo ali m'mimba mwa ng'ombe, ndipo ng'ombe ikamageya imatulutsa methane yemweyu. Alinso m'matanki a biogas amene ena akuphikira pogwiritsa ntchito ndowe.

Ife tili ana tinkasewera nazo zimenezi kumadambo a Chilwa, cha ku Kachulu, tisakudziwa n'komwe dzina lake. Tinkadula botolo lapulasitiki kunsi, n'kulivundikira m'madzi pakati pa njedza lili lodzaza madzi, wina n'kumatokosa matope ndi kansungwi. Thovu linkakwera bwubwubwu n'kumakankhira madzi pansi. Likachuluka, kutsegula chitsekerero, kuyandikiza machesi, kamoto kobiriwira n'kuti phwii, kamodzi n'kamodzi. Mnzathu wina anapserera nsidze, choncho ana anu musawauze. Ndinadzaseka ndekha nditamva kusukulu kuti mu 1776 katswiri wa sayansi Alessandro Volta anachita zomwezi ku nyanja ya Maggiore ku Italy, kutokosa matope ndi ndodo n'kutolera mpweya woyaka, ndipo dzina lake likutchulidwabe mpaka lero.

Za fungo, methane sanunkha. Ngati ploti ikununkha mazira owola, umenewo ndi mpweya wina wochokera ku salifa, ndipo umenewo ndiye woti mudandaule nawo chifukwa umadetsa mizu ya mpunga n'kuifooketsa.

Tsono mbali imene imandisangalatsa ine ndi iyi. M'ploti momwemo mulinso gulu lina la mabakiteriya limene chakudya chake ndi methane yemweyo. Mawa mukapita kumunda muzule phando limodzi, mutsuke mizu m'ngalande. Muona mizu yatsopano yoyera, ina yokutidwa ndi zofiirira ngati dzimbiri. Limenelo ndi dzimbiri lenileni. Mpunga uli ndi timipata m'kati mwa masamba, tsinde ndi mizu, ngati mapaipi, timene umatsitsira mpweya wabwino mpaka kunsi, ndipo n'chifukwa chake umakhala moyo m'madzi mmene chimanga chikanafa kale. Mpweya wina umadontha kuchokera m'mizu n'kukumana ndi chitsulo cha m'matope, n'kupanga dzimbiri lija. Pamenepo pozungulira muzu, ndiponso pa kadothi kofiirira kopyapyala kamene kali pamwamba penipeni pa matope, m'pamene pamakhala odya methane, monga a mitundu ya Methylomonas ndi Methylocystis. Amakhala ngati apolisi a pa rodibuloko: methane akamakwera kuchokera pansi amamugwira, n'kumusandutsa kaboni dayokisaidi ndi madzi. Koma sagwira yense. Mapaipi omwe aja otsitsa mpweya wabwino ndi amenenso methane amakwerera, moti mpunga ukakula methane wochuluka amatulukira mumpunga momwemo, osati m'thovu. Chimene mumaona poponda ndi amene anakodwa m'matope, phazi lanu langomutsegulira khomo.

Mwana wanuyo sananame. Methane amasunga kutentha kuposa kaboni dayokisaidi pafupifupi ka 28 tikawerengera zaka 100, ngakhale kuti mumlengalenga amangokhalamo zaka ngati 12. Minda ya mpunga padziko lonse imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a methane wochokera ku ntchito za anthu. Koma mumuuzenso kuti mpunga pafupifupi 90 peresenti umalimidwa ku Asia, ndipo madambo a Chilwa akhala akutulutsa mpweyawu kuyambira kalekale sikimu isanabwere. Munthu asakuchititseni manyazi ndi kaploti kanu ka Kilombero kapena Faya.

Komabe nkhaniyi ili ndi phindu kwa mlimi, chifukwa zimene zimanenepetsa opanga methane nthawi zambiri ndi zomwenso zimavutitsa mbande. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Chaka china ndinachedwa kukonza ploti, ndiye ndinakwirira mapesi onse a chaka chatha pamodzi ndi udzu wauwisi, kulowetsa madzi, patatha masiku atatu n'kuwokera. Ploti inkachita kuwira ngati mphika. Mbande zinangoti njo, zachikasu, osaphukira ana kwa milungu itatu, pamene za mnzanga wa mbali inayo ya mgula zinali zitabiriwira kale. Ndinayamba kukayikira feteleza amene ndinagula, koma wolakwa ndinali ine. Mapesi owolera m'madzi amatulutsa timadzi towawasa tija tambiri nthawi imodzi, ndipo tizilombo towoletsa timalanda nayitrojeni amene mbande zimafuna. Mapesi akwirireni mukangomaliza kupuntha, nthaka ikadali ndi chinyezi koma isanamire, kuti awole mpweya ukulowa, kapena apangeni kompositi. Kutentha ayi, kumeneko n'kutaya manyowa.

Chachiwiri ndi madzi. Ambirife tinakula tikudziwa kuti mpunga ndi madzi osaphwa kuyambira powokera mpaka pomweta. Mpunga umapirira madzi, koma sufuna kumira nthawi zonse. Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, la ku Philippines, limaphunzitsa njira yothirira ndi kuumitsa mosinthana. Mumatenga paipi yapulasitiki yotalika masentimita 30, kuiboola timabowo mbali ya kunsi, kuikhomera m'ploti mpaka theka kapena kupitirira pang'ono, n'kuchotsa matope a m'kati. Mbande zikagwira bwino, mumasiya madzi aphwe, n'kumasuzumira m'paipimo. Madzi akatsika masentimita 15 kunsi kwa nthaka, mulowetsenso. Pamwamba pamaoneka pouma, mwina pong'aluka pang'ono, koma mizu ikumwabe. Nthaka ikang'aluka choncho mpweya umalowa, opanga methane amazizira nkhongono, chitsulo chija chimachitanso dzimbiri, ndipo mukabwezera madzi pamatenga masiku kuti ayambirenso. Njirayi imatha kupulumutsa madzi mpaka 30 peresenti ndi kuchepetsa methane pafupifupi ndi theka, zokolola osatsika. Mphutsi za udzudzu nazo zimafera pouma pomwepo. Koma mpunga ukamamasula, sabata imodzi usanatulutse ngala mpaka sabata imodzi utatulutsa, madzi asachoke, apo ayi mudzakolola mphwephwa. Musathirenso feteleza wopitirira muyezo, chifukwa nthaka yonyowa n'kumauma ikakhala ndi nayitrojeni wambiri imatulutsa mpweya wina wotenthetsa dziko koposa methane.

Ndinene zoona, papepala n'zophweka kuposa kumunda. Udzu umamera msanga pouma. Ndipo ngati ploti yanu ili kumapeto kwa ngalande, kumene madzi amafika mwa apo ndi apo makamaka mu Seputembala ndi Okutobala mtsinje wa Likangala ukachepa, kutaya madzi dala n'kutchova juga, chifukwa tsiku limene mudzawafune mwina adzakhala atatsekedwa kumtunda. Njirayi imayenda bwino alimi a ngalande imodzi akagwirizana, oyambira kumtundako, pakuti madzi amene iwo asiya ndi amene amafika kwa akumunsi. Ikambeni kumsonkhano wa komiti ya madzi mlangizi alipo. Ngati muli ndi maploti awiri, yesani pa imodzi chaka chino, ndipo pomweta muwerenge matumba padera. Ploti yanu ili chakumtunda kapena kumunsi?