Kwa amayi ochokera ku Katete amene afunsa za mwana wosayenda

Amayi anzanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo tulo takana kubwera ndisanakuyankheni. Mwati mwafika ku Kanyama mwezi watha kuchokera ku Katete, mukukhala kwa akulu anu, muli ndi mwana wa zaka 6 amene sayenda ndipo khosi lake silinalimbe, komanso mnyamata wa zaka 15, wa malemu alongo anu, amene wayamba kumadetsedwa kumsika wa Soweto. Mukufunsa kumene thandizo limapezeka muno mu Lusaka. M'makomenti ndaona ena akukulozerani kwa asing'anga, wina akuti mumulembere kumbali. Ine ndine mayi wa mtsikana wotere, pano ali ndi zaka 12, timakhala ku Chawama. Ndikuuzani poyera pompano njira imene ndinadzera, kuti ena amene akuwerenga mwakachetechete amvenso.

Mwanayo mutulutseni m'nyumba. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pamene ine ndinalakwa. Zaka ziwiri zathunthu wanga ndinkamusiya pamphasa kuchipinda, katani yotseka, chifukwa cha mawu a akazi apampopi. Ankati ndinamukhwimira bizinesi, ena ankati ndinayenda njira zoipa ndili ndi pakati. Tsiku limene ndinamubereka kumsana kupita kukiliniki, dokotala anandifunsa mafunso atatu okha: kodi analira atangobadwa, kodi anachita chikasu m'masiku oyamba, kodi anadwalapo malungo okomoka nawo. Wanga sanalire, anatha mphindi zambiri anamwino akulimbana naye. Dokotala anati ubongo unasowa mpweya pa nthawi yobadwa, ndipo mbali imene imalamula minofu inavulala. Dzina lake ndi cerebral palsy. Sikupatsirana, si ufiti, ndipo bala la mu ubongolo silikula. Chimene chimakula ndi kuuma kwa manja ndi miyendo ngati mwana angogona osawongoledwa. Zaka ziwiri zija zinamulanda mwana wanga chigongono chakumanja, mpaka lero sichitambasuka bwino. Sindinena kuti wanu ali ndi vuto lomweli, ayi, adokotala ndiwo adzaone. Koma pitani sabata ino.

Yambirani pa chipatala cha Kanyama pafupi nanu pomwepo. Tengani khadi la sikelo, ngakhale lang'ambika, ndi kabuku kalikonse ka kuchipatala kwanu ku Katete. Muwauze kuti mukufuna mwana aonedwe ndi a fizio, amene amawongola minofu ndi mafupa, ndipo akaona kuti n'zofunika akupatsani kalata yopita ku UTH, chipatala chachikulu cha boma muno mu Lusaka. Musayambe ndi UTH mulibe kalata, mungotaya ya basi. Ngati mwana amagwa khunyu, nenani tsiku loyamba lomwelo, chifukwa ana ambiri otere amakhala nalo, ndipo mankhwala ake alipo.

A fizio si kuti adzamuchiritsa tsiku limodzi. Iwo amaphunzitsa inu, ntchito yeniyeni imachitikira kunyumba. Ine anandionetsa kumukhazika pakona ya nyumba, chitenje chopindidwa kumbuyo kwa khosi, mapazi ataponda pansi. Anandiletsa kumudyetsa atagona chagada, mmene ndinkachitira, chifukwa phala limalowera kumapapo ndipo n'chifukwa chake ankadwala chibayo pafupipafupi. Ndinaphunzira kuika supuni pakati pa lilime n'kudikira ameze, mbale imodzi ya phala la nsinjiro kutha pafupifupi ola. Mukakhala ku UTH funsani za APTERS. Ndi anthu olumala okhaokha amene amapanga mipando ndi zoimiritsira ana pogwiritsa ntchito makatoni ndi mapepala omata, ndipo amayeza mwana wanu kuti mpando umukwane. Tsiku limene wanga anakhala pampando wake wa makatoni, wopakidwa penti yobiriwira, ndinauika pakhomo. Kanali koyamba kuona ana anzake akusewera waida ali chokhala, maso ali pamlingo umodzi ndi awo. Anaseka mpaka malovu kutsika, ana aja n'kubwera kudzamuzungulira. Akazi apampopi aja anaona, ndipo mmodzi wa iwo patapita masiku anabwera madzulo kudzandinong'oneza kuti nayenso ali ndi mdzukulu amene amamubisa.

Palinso Beit CURE pa Great North Road, chipatala cha ana chimene chinatsegulidwa mu 2006. Kumeneko amachita maopaleshoni a mapazi opindika, miyendo yokhota, milomo yong'ambika ndi mavuto a makutu, ndipo ana salipira opaleshoni. Si mwana aliyense amafunika mpeni, koma ndi bwino akamuone.

Tsopano za mapepala, ndipo apa mundimvetsere bwino chifukwa ndi pamene alendo amadyeredwa. Lamulo la anthu olumala la mu 2012 linapatsa bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities, limene timangoti ZAPD, ntchito yolemba anthu olumala m'kaundula ndi kuwapatsa khadi. Pamakhala fomu imene adokotala a chipatala cha boma amalemba atamuyeza mwana, inu n'kuibweza ndi zithunzi zake ndi reji yanu, chiphaso chanu cha unzika. Khadi limenelo ndi limene limakuyankhulirani paliponse pamene mukapemphe, kaya njinga ya olumala, kaya malo kusukulu. Mwana amene dzina lake silili m'buku lililonse, thandizo limamudutsa pakhomo ngati kulibe munthu.

Ndalama za Social Cash Transfer, zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika, zimadzera ku ofesi ya Social Welfare. Zinayambira ku Kalomo mu 2003, pano zili m'dziko lonse, zimabwera pakatha miyezi iwiri iliyonse, ndipo banja limene lili ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo. Amene amadziwa mabanja m'komboni ndi a komiti ya CWAC, anthu wamba okhala nanu pafupi. Funsani kutchalitchi kapena kwa atcheya a m'dera lanu, akulozerani. Dziwani kuti amafuna banja likhale litakhazikika pamalo miyezi 6, ndipo salemba maina tsiku lililonse, amakhala ndi nyengo yake. N'chifukwa chake ndikuti mukadzionetse panopa, akudziweni nkhope, kuti nyengo ikafika musakhale mlendo. Ngati munkalandira kale ku Katete, kanenani ku Social Welfare kuti mwasamuka, dzina lanu lisangozimiririka.

Kulembetsa kumeneku n'kwaulere. Ndikubwereza: n'kwaulere. Ine bambo wina wovala tayi, atanyamula faelo, anandilanda ndalama zimene ndinasunga za lendi, ati afulumizitse dzina la mwana wanga. Sindinamuonenso. Ndipo wina aliyense amene akufuna kujambula mwana wanu kuti akapemphere thandizo pa Facebook, mufunseni kuti ndalamazo zidzalowa m'foni ya ndani. Ena amabwereka ana otere kuti azikapempha nawo pamaloboti m'tauni. Musalole, ngakhale atalonjeza kugawana.

Sindikubisirani, mudzatopa. Ofesi ina ndinapitako maulendo anayi, mwana kumsana, n'kumauzidwa kuti wosaina watuluka. Kondakitala wina anandilipiritsa mpando wachiwiri chifukwa cha njinga ya mwana, anthu onse m'basi ali chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kukhale kwanzeru: gulani kabuku, lembani tsiku limene mwapita ndi zimene mwauzidwa, mapepala onse muchititse fotokope, enieniwo muwasunge m'pulasitiki. Inu a ku Kanyama mukudziwa kale, kapena mudziwa Januwale akafika, mmene madzi amalowera m'nyumba. Pulasitikiyo muipachike pamsomali pamwamba.

Za sukulu ya wamng'onoyo musazitaye mtima. Mu Lusaka muli UTH Special School, muli Bauleni Special Needs Project, ndipo sukulu zina za boma zili ndi kalasi ya ana ofunika chisamaliro chapadera. Wanga salankhula bwino koma amawerenga manambala, amadziwa basi ya ku Chawama ndi ya ku Chilenje pongomva kondakitala akuitana.

Koma chimene chandisowetsa tulo kwenikweni ndi mnyamata uja. Mwamutchula m'mzere umodzi wokha kumapeto, ndipo ndikumvetsa, chifukwa m'nyumba ya mwana wodwala maso onse amapita pamphasa. Wamkulu wanga anatsala pang'ono kunditayika motero. Mnyamata wa kumudzi akafika pa Soweto kapena pa City Market amayamba bwino, kunyamulira anthu matumba a tomato, kukankha wilibala, n'kubwera ndi kandalama madzulo, inu n'kumathokoza. Kenaka amapeza anzake amene amagona komweko, amayamba kununkhiza bositiki, guluu woledzeretsa, m'kabotolo, ndipo pakatha miyezi itatu anthu ayamba kumutchula kuti junkie. Mwana wamasiye amene wasiya anzake onse ku Katete amapita kumene akumuitana ndi dzina.

Mubwezereni kusukulu temu isanathe. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma salipiritsa fizi mpaka sekondale yonse. Chofunika ndi kalata yosamukira yochokera kusukulu yake yakale. Tumizani uthenga kwa achibale akutengereni kwa ahedi, ibwere pa basi ya ku Chipata mukailandire pa siteshoni ya basi ya Intercity. Mukauzidwa kuti malo adzaza, pitani ku ofesi ya DEBS, ndiyo imayang'anira sukulu za m'boma lonse la Lusaka. Akakwanitsa zaka 16 mukamutengere reji msanga. Ngati sukulu yamukanika ndithu, pali ndalama za CDF, za boma zotukulira madera, zimene mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zamagetsi ndi kusoka. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, WDC, ndipo ana amasiye amaganiziridwa.

Akayamba kugona kunja, musadikire kuti abwera yekha. Imbani 116, nambala yaulere ya Childline, amayankha usana ndi usiku. Ku Kamwala kuli Fountain of Hope, amene akhala akugwira ntchito ndi ana a mumsewu kwa zaka zambiri ndipo amadziwa makona amene anawa amagona. Inunso mtima ukalemera, 933 ndi ya akuluakulu. Ine ndinaimbapo usiku wina nditakhala panja pafupi ndi mbaula yozima, ndipo munthu anandimvetsera mpaka ndinamaliza kulira.

Mumupatsenso mnyamatayo gawo pa mng'ono wakeyo. Mupite naye kwa a fizio aone mmene amawongolera miyendo. Wanga wamkulu ndiye amadziwa kumunyamula mlongo wake kuposa ine, ndipo kuyambira pamene anadziwa kuti pa 16 koloko pali amene akumudikira pakhomo, anasiya kuchedwa.

Ife amayi a ana otere ku Chawama tilipo asanu ndi awiri, tili ndi chilimba chathu chaching'ono, ndipo timasinthana kusunga ana kuti wina apite kukaoda ndiwo kumsika. Awiri mwa ife ali ndi abale ku Kanyama. Lembani pansipa chigawo chimene mukukhala, musaike nambala ya foni pagulu, ndipo Loweruka ndibwera ndi mmodzi wa iwo tidzamuone mwanayo. Khadi la sikelo mulifunefune usiku uno.