Kodi n'zamanyazi kukonda mafilimu omasulira kuposa olandira mphoto?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale m'boma la Katete, kuno kummawa kwa Zambia, ndipo popeza funso lawo ndi lomwe anthu ambiri amandifunsa monong'ona, ndinawapempha kuti ndiwayankhire pano popanda kutchula dzina lawo. Iwo analemba kuti mng'ono wawo wa ku Lusaka anawatumizira mafilimu awiri otchuka, The Boy Who Harnessed the Wind ndi I Am Not a Witch, n'kuwauza kuti amenewa ndiwo oyenera munthu wophunzira. Anawaonera onse awiri pafoni mpaka kumapeto, koma mtima wawo sunatengeke monga umachitira akamaonera mafilimu a ku China kapena a ku India amene anyamata amawamasulira m'Chichewa. Funso lawo ndi lakuti: kodi ndiye kuti sadziwa kuonera filimu, nanga achite manyazi?

Aphunzitsi, manyazi musachite, chifukwa khutu lanu silinakunamizeni. Komabe sindikuvomerezani pa zonse, ndipo ndikupemphani kuti mundilole ndiwatenge mafilimuwa imodziimodzi, popeza chimene chinakutayitsani chidwi pa yoyamba si chimene chinakutayitsani chidwi pa yachiwiri.

Filimu yoyambayo inatuluka mu 2019 ndipo imasimba za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi panthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zakutha ndi njinga ya bambo ake. Nkhani imeneyi ndi ya pakhomo pathu penipeni. Kasungu ndi tsidya chabe la malire, njala ya chaka chimenecho inatipweteka ifenso kuno kummawa, ndipo Gule Wamkulu amene amaoneka pamaliro mufilimuyo ndi yemweyo amene inu mumamuona ku Mkaika pamwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Vuto lili pakamwa pa osewera. Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyo n'kuseweranso ngati bambo a William, anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene anasewera William, ndi wa ku Kenya, ndipo Aïssa Maïga, amene anasewera mayi ake, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Onsewa Chichewa anachita kuloweza.

Munthu wa ku Ulaya amene akuwerenga mawu achingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi sangamve cholakwika chilichonse, koma ife timamva. Chinenero chathu chimayendera kukwera ndi kutsika kwa mawu, moti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazilemba mofanana koma pakamwa zimasiyana, ndipo kampweya kakang'ono ndi komwe kamasiyanitsa phala ndi pala. Wosewera akaphonya zimenezi pamene akulira maliro kapena pamene akukalipira mwana wake, ife m'malo molira naye timayamba kumukonzera mawu m'maganizo, ndipo pofika pomvetsa chimene amafuna kunena chisoni chija chimakhala chitadutsa. Mukamvetsera bwino mudzaona kuti Lily Banda, woimba wa ku Malawi amene anasewera mlongo wake wa William, akangotsegula pakamwa nyumba ija imasanduka nyumba yeniyeni. Ngakhale zili choncho, ine Ejiofor ndimamulemekeza. Akanatha kujambula zonse m'Chingerezi monga achitira anzake ambiri, ndipo palibe wa kunja akanadandaula, koma anasankha njira yovuta, ndipo chifukwa cha iye anthu a m'mayiko ambiri anamva Chichewa pa Netflix kwa nthawi yoyamba. Chigawo chimene banja likugawana chakudya kamodzi patsiku sichifuna mawu, ndipo pamenepo filimuyo imandigwira mtima nthawi zonse.

Filimu yachiwiriyo nkhani yake ndi ina. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales, ndipo inaonetsedwa koyamba pachionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2017 isanalandire mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA mu 2018. Osewera ake ndi a kuno ku Zambia, choncho lilime silikupunthwa. Chimene chinakutopetsani, ndikuganiza, ndi bata lake. Kamtsikana kotchedwa Shula, kamene akukanamizira ufiti, sikalankhula kwenikweni, kamera imaima malo amodzi kwa nthawi yaitali, ndipo palibe amene amakuuzani kuti apa sekani, apa lirani. Nsalu zazitali zoyera zimene amayi onamiziridwa ufiti mufilimuyo amangidwa nazo kumsana si mwambo wa mtundu uliwonse kuno. Nyoni anangozipeka kuti tione ndi maso mmene munthu amamangidwira ndi zonena za anthu, ndiponso mmene mkulu wina wa boma akudyera pamsana pa mwanayo. Filimu yotere inapangidwira holo yamdima ndi chinsalu chachikulu, pamene nkhope ya mwana imadzaza khoma lonse ndipo kuphethira kwake kumaoneka. Pafoni, mauthenga a WhatsApp akulowa ndiponso mukudera nkhawa batire, zonsezi zimatayika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa filimu iyi yokha ndikuti mng'ono wanu sanalakwe: ipatseninso mpata wachiwiri.

Tsopano ndifike pa mafilimu amene mumawakondawo, chifukwa anthu ophunzira amawanyoza asanaganize n'komwe chifukwa chake amakoma. Ambiri mwa amene timaonera kuno amachokera ku Malawi, n'kumafalikira pa mafulashi ndi ma memori khadi mpaka m'misika ngati wa Kapata muno mu Chipata. Kapangidwe kake n'kosavuta: mnyamata mmodzi amakhala pakompyuta ndi maikolofoni, amatsitsa mawu enieni a filimuyo, n'kulankhula m'malo mwa onse, mfumu, mkazi wake, wakuba ndi kapolo yemwe. Sikuti amamasulira liwu ndi liwu ayi. Anthu a mufilimu amawapatsa mayina akwathu, mzinda wa ku China amausandutsa tauni yomwe timaidziwa, wankhondo akagwa amamuseka, wina akapusa amamuponyera mwambi, ndipo nthawi zina amatichenjeza kuti tiyang'anitsitse munthu wavala zakudayo chifukwa tidzamuonanso kutsogolo.

Ine ndikamamva zimenezi ndimakumbukira agogo pamoto madzulo, akuti "Padangokhala" ife n'kuyankha kuti "Tili tonse". Ndimakumbukiranso Julius Chongo, amene kwa zaka zambiri ankasimba nkhani m'Chinyanja pawailesi ya boma mupulogalamu ya Poceza M'madzulo, munthu mmodzi koma mudzi wonse ukumveka m'kamwa mwake. Luso la womasulira mafilimu ndi la mtundu womwewo. Iye amadziwa kuti alipo amene akumumvetsera, amadziwa chimene chimatiseketsa, ndipo amalankhula ndi ife mwachindunji. Apa ndiye pagona yankho la funso lanu, aphunzitsi. Mafilimu awiri aja amasimba za ife, koma anayamba aonetsedwa kwa anthu akutali, pamene filimu ya karate yomasuliridwa, ngakhale kuti nkhani yake ndi ya anthu amene sitidzawaona, mawu ake anakonzera ifeyo. Munthu amatembenukira kwa amene wamuitana, ndipo zimenezi sizikhudzana ndi kuchepa kwa sukulu.

Koma ndikanama ndikanena kuti omasulirawa alibe mlandu. Choyamba, amaopa bata ngati mmene mwana amaopera mdima. Pamene wotsogolera filimu anafuna kuti tikhale chete tione nkhope ya mayi amene wataya mwana, womasulira amaikapo nthabwala, ndipo tikazolowera zotere timaiwala kuti chithunzi pachokha chimalankhula. Ndikukayikira kuti kuzolowera kumeneku n'kumene kunachititsa kuti bata la Shula likulemereni. Chachiwiri, ambiri sadziwa chinenero cha filimu imene akumasulira, choncho nkhani amangoipeka poona zochitika. Ndinaonerapo filimu ina ya ku India m'kanyumba ka vidiyo m'komboni ina muno mu Chipata, momwe tinauzidwa kuti mwamuna ndi mkazi aja ndi chibwenzi, ndipo patapita zaka nditaionanso ndi mawu olembedwa m'munsi ndinapeza kuti anali munthu ndi mlongo wake. Ndinaseka, koma ndinazindikiranso kuti tsiku lija tonse tinatuluka titaonera filimu imene mwini wake sanapange. Palinso nthabwala zonyoza amayi, olumala ndi anthu a mitundu ina zimene ena amathiramo, ana ali pomwepo pabenchi lakutsogolo, ndipo inu monga mphunzitsi mukudziwa kuti m'mawa mwake mawu omwewo amamveka pabwalo la sukulu. Za eni mafilimu, amene salandira ngakhale ngwee imodzi pa malonda amenewa, ndingozitchula n'kudutsa.

Mwina munganene kuti masewero a pa kanema athetsa vutoli. Ndi zoona kuti chiyambire 2015, pamene tchanelo ya Zambezi Magic inatsegulidwa pa DStv, masewero ngati Zuba ndi Mpali asonyeza kuti anthu a ku Zambia amakhamukira kukaonera nkhope zawozawo, ndipo nyumba zambiri zimakhala zii nthawi yake ikakwana. Koma Chinyanja chimene chimamveka mmenemo ndi cha ku Lusaka, chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi. Sindichinyoza, ndi chinenero chamoyo cha anthu a mumzinda, koma si mmene apongozi amalankhulirana ku Chadiza kapena ku Vubwi.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti filimu imene ingakukhutiritseni kwathunthu, yokhala ndi chithunzi chokonzedwa mosamala ngati cha Nyoni komanso lilime lamoyo ngati la womasulira uja, nkhani zake zili ponseponse kuno koma ojambula ake ndi ochepa. Taganizirani za mkamwini amene wakhala pamudzi wa mkazi wake zaka zisanu, akulima munda umene si wake, ndipo akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira amapatukira kutchire. Bata la pakati pa anthu awiriwa palibe Mchewa amene angafune kuti wina amumasulire, ndipo holo yonse ingaseke kapena kugwira pakamwa popanda liwu limodzi kunenedwa. Taganiziraninso za anyamata a njinga zonyamula anthu amene adzaza misewu ya Chipata, za osintha ndalama pachipata cha Mwami, za mlimi wa thonje amene akudikira mtengo wa chaka chino ali ndi ngongole ya mbewu ndi mankhwala, kapena za chimbuya, chibale chonyogodolana cha Angoni ndi Abemba, pamaliro, pamene chipongwe chimakhala njira yotonthozera ofedwa. Gule Wamkulu analembedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo alendo amabwera ndi makamera ku Kulamba ndi ku Nc'wala ya ku Mtenguleni chaka chilichonse, koma amajambula magule okha, nkhani za anthu ovinawo n'kuzisiya.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Tchuthi chikubwerachi pezani tsiku limene magetsi alipo, lumikizani foniyo ku kanema wamkulu, itanani amayi anu ndi anzawo awiri kapena atatu, ndipo muonerenso I Am Not a Witch limodzi nawo. Musawaletse kulankhula, chifukwa ndikukhulupirira kuti iwo adzachita ntchito ya womasulira uja, koma adzadziwa pofunika kukhala chete. Mng'ono wanuyo akadzabwera kumudzi, mukhazikeni pansi aonere imodzi mwa mafilimu anu omasulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mudzandilembere ngati anakwanitsa kudziletsa kuseka.