Tifunseni za ndege za pa kompyuta: hediseti ya VR, chizungulire ndi adani osaoneka

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa anthu amene agula hediseti ya VR, chovala kumaso chomwe chimakuonetsa ngati uli mkati mwa gemu, kuti aziwulutsira ndege zankhondo pa kompyuta, ndipo olo aliyense akudandaula mwa njira yake, nkhani ndi imodzi yomweyo, sakuona bwino. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula pang'ono poti anthu inu mukayamba kulemba simutopa.

FUNSO: Akulu, ndinagula hediseti ya Quest 3 nditamva anzanga akuchemerera kuti gemu ya DCS World mu VR ndi nkhani ina. Zoonadi tsiku loyamba nditakhala mu Su-25T ndinachita kutambasula dzanja kuti ndigwire galasi la ndege, koma chisangalalo chinathera pompo. Manambala a pa mageji sakuwerengeka, ndikatembenuza mutu chithunzi chimanjenjemera, nde pakangotha mphindi 10 nseru yayamba, thukuta lozizira lili kamukamu. Ndataya ndalama eti? Ndine Wachizungulire.

YANKHO: Simunataye achimwene, kungoti walira mvula walira matope. Tiyambe ndi zosafuna ndalama. Musanatsegule n'komwe gemu, onani kaye mmene hediseti yakhalira pankhope, chifukwa anthu ambiri amathamangira ma setting a mu DCS pomwe vuto lili pamphuno pawo pomwepa. Pali mtunda wa pakati pa maso anu awiri, amautcha IPD, ambiri umakhala cha m'mamilimita 63 koma si onse. Quest 2 inali ndi malo atatu okha, 58, 63 ndi 68, pomwe yanuyo ili ndi kagudumu kunsi kozungulitsa pang'onopang'ono. Imani pagalasi ndi rula, muyeze kuchokera pakati pa diso lina kufika pakati pa linzake, muike nambala imeneyo. Kenako kwezani kapena kutsitsa hediseti pang'ono uku mukuyang'ana zilembo mpaka zioneke mbee, ndiye muzimanga lamba. Magalasi ake mupukute ndi kansalu kofewa, mafuta a pachipumi amanamiza anthu kuti kompyuta yawo ndi yofooka.

Kunjenjemerako nde ndi masamu. Pa 90 Hz, kutanthauza mafelemu 90 pa sekondi, kompyuta yanu ili ndi mamilisekondi 11 okha oti ijambule zithunzi ziwiri, china cha diso lamanja china chamanzere. Ikangochedwa, pulogalamu ya Meta, kampani yopanga Quest, imatsitsa mafelemu kufika theka, 45, n'kumapeka otsalawo yokha, zimenezi ndi zomwe amati ASW. Popita chowongoka sizioneka, koma ndege ikadutsa pafupi mwaliwiro mumaiona ngati ziwiri, ndipo pulopela imachita mafunde ngati mukuyang'ana m'madzi. Ine ndimakonda kutsitsa hediseti pa 72 Hz, apo kompyuta imapeza mamilisekondi pafupifupi 14, ndipo 72 yokhazikika ndi yabwino kuposa 90 yomangodumphadumpha. Mu gemu chepetsani mithunzi, mitambo, mtunda woonera mitengo ndi nyumba, magalasi oonera kumbuyo muzimitse ngati simukuwagwiritsa ntchito. Mitambo yokongola sinagwetsepo mdani. Mphamvu imene mwapulumutsayo muipereke ku resolution kuti mageji awerengeke. DCS inalandira DLSS, njira yopeputsira ntchito ya khadi la zithunzi, mu mtundu wa 2.9 chaka cha 2023, imathandizadi ngati khadi lanu ndi la NVIDIA RTX, koma yesani kaye chifukwa nthawi zina imapakapaka ndege za kutali. RAM ikhale 32 GB ngati mukufuna maseva a anthu ambiri, gemu ikhale pa SSD.

China chomwe ambiri sadziwa, Quest silandira chithunzi mwachindunji ngati sikilini. Kompyuta imachifinya kaye kukhala vidiyo n'kuchitumiza pa USB kapena pa Wi-Fi. Nde waya ukhale wa USB 3, bitrate muikweze mu Oculus Debug Tool, ndipo ngati mukufuna za Wi-Fi monga Air Link kapena Virtual Desktop, kompyuta ilumikizidwe ku rauta ndi waya, hediseti ikhale pa 5 GHz m'chipinda chomwecho.

Za nseruzo, maso akuuza ubongo kuti mukugubuduzika mumlengalenga pomwe khutu lamkati likuti ayi munthuyu wangokhala pampando, nde ubongo umasokonezeka. Musalimbe mtima ayi. Mukangomva kutentha kumaso vulani, mupume, mawanso. Amene amakakamira mpaka kusanza thupi limadana nayo hedisetiyo, ena kungoiona mseru wayamba. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15, kuuluka mmwamba, kukhota mofatsa, fani ikukupemererani kumaso. Zouluka mmunsi mwa mapiri ndi mahelikopita zidikire masabata angapo.

FUNSO: Pali munthu akugulitsa hediseti ya HP Reverb G2 yogwiritsidwapo kale ntchito motchipa kwambiri, akuti ndi imene oyendetsa ndege amaikonda. Nditenge? Ndine Wofuna zotchipa.

YANKHO: Sakunama, inatuluka mu 2020, diso lililonse 2160 kwa 2160, imalowa pa DisplayPort kotero chithunzi sichifinyidwa, ndipo pakati pa galasi imaoneka bwino zedi. Koma imadalira pulogalamu ya Windows Mixed Reality, yomwe Microsoft inaichotsa mu Windows 11 kuyambira 24H2. Kuti igwire ntchito lero mufunika Windows yakale kapena madiraiva opangidwa ndi anthu ena, komanso waya wake ukaduka kupeza wina ndi ntchito. Ngati mumakonda kukumbakumba mu kompyuta tengani, ngati mukufuna kungovala n'kuuluka isiyeni. Mulimonse muiyese pa kompyuta yanu musanapereke kanthu.

FUNSO: Madala, ine VR ikuyenda bwinobwino, vuto ndi lakuti mu gemu ya IL-2 Sturmovik ndikungofa. Ndimanyamuka ndi Fw 190, ndimauluka mphindi 20 osaona munthu, kenako ndimangomva phokoso phiko lathothoka. Wondiwombera sindinamuonepo olo kamodzi. Ndikati ndamuona wina n'kuyamba kuzungulira naye, ndege yake ya Yak imandilowa kumbuyo pakangotha kanthawi. Ena aja akubera kapena? Ndine Wogwetsedwa daily.

YANKHO: Sakubera aise, akukuonani inu musanawaone, basi. Nkhaniyi ndi yakale ngati ndege zankhondo zomwe. Oswald Boelcke wa ku Germany analemba malamulo ake mu 1916, ndipo oyambirira ake ndi omwewa, khala ndi mwayi usanayambe ndewu, dzuwa likhale kumbuyo kwako, womba uli pafupi, mdani usamuchotse diso. Amene akukugwetsaniyo akungotsatira zimenezi.

Nde choyamba kwerani. Ngati mumafika kumalo a nkhondo muli pa mamita 1,500 ndiye kuti aliyense ali pamwamba panu. Kwerani muli kumbali yakwanu, mulowe muli pa 4,000 kapena kuposa, mudzadabwa kuti ndege zomwe simumaziona zija zili pansi panu zikungoyendayenda.

Chachiwiri ndi khosi, ndipo apa ndi pomwe VR imapweteka. Anzanu a TrackIR, kachipangizo kotsata mutu uku ukuyang'ana sikilini wamba, amapotoza mutu pang'ono chithunzi n'kuzungulira chonse, inu mukafuna kuona kumchira muyenera kutembenukadi thupi lonse. Pezani mpando wozungulira koma mawilo ake atsekeke kuti musamatsetsereke mukaponda mapedulo. Musauluke chowongoka nthawi yaitali, khotani pang'ono kumanja muyang'ane kumchira, kumanzere chimodzimodzi, pena pendeketsani ndege muone kunsi kwa mimba poti ambiri amabwerera kumeneko. Ubwino wa VR ndi woti mutha kusendeza mutu kumbali n'kusuzumira kuseri kwa chitsulo cha kumbuyo kwa mpando, kapena kubisa dzuwa ndi chitsulo cha galasi kapena nsonga ya phiko n'kuona amene wabisala mmenemo. Posaka musamangoyendetsa maso ngati mukusesa. Yang'anani kachigawo kamodzi ka thambo, imani kamphindi, ndiye mupite pena. Kadontho kakuyenda diso limakagwira lokha likakhala phee. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zozungulira ndi Yak zija lekani. Fw 190 ndi yolemera, mphamvu zake ndi liwiro potsika, kugubuduzika fasti ndi mifuti yambiri. Mukayamba kukoka stick mukutaya liwiro, ndipo liwiro likatha mwasanduka chandamale. Tsikani kuchokera pamwamba, wombani kamodzi, mwamenya kaya mwaphonya pitirirani, mutalikire ndiye mukwerenso. Zimatopetsa poyamba chifukwa mtima umafuna kutsatira, koma ndi mmene ndegeyo inapangidwira. Ndipo musawombe kadontho. Erich Hartmann wa ku Germany, amene anagwetsa ndege 352, ankadziwika ndi kuyandikira kwambiri asanawombe. Mu VR maso awiri amakuthandizani kumva kuti ndegeyo yayandikiradi, dikirani idzaze galasi lolozera mfuti. Mukadzakwera Bf 109 mudzaona kuti galasi limeneli linasendera kumanja, silinalakwike, linapangidwira diso lamanja, musalimbane nalo.

Komanso bwanji mukuuluka nokha? Pezani mnzanu muzilankhulana. John Thach wa asilikali apamadzi a America anaona kuti ndege yawo ya Wildcat singazungulire ndi Zero ya Japan, nde anakonza zoti ndege ziwiri zizikhotera kwa inzake, mdani akatsata imodzi agwere kutsogolo kwa mifuti ya inayo, ndipo anaziyesa pa nkhondo ya Midway mu June 1942. Mpaka lero pa seva zimagwira. Kumchira kwa mnzanu mumakuona bwino kuposa kwanu, khosi limapumako.

FUNSO: Ine ndi mayi, ndinayamba ndi gemu ya War Thunder, pano ndalowa DCS ndi F/A-18C. Ndikavala hediseti kiyibodi sindiiona, ndimangopapasa ngati ndili mumdima, tsiku lina pofuna kutsitsa matayala ndinazimitsa china chake ndege n'kugwera m'nyanja. Anzanga amatani? Ndine Wopapasa.

YANKHO: Achemwali, tonse tinadutsamo, ena timasuzumira pa kampata ka pamphuno mpaka lero olo sitivomera pagulu. Lamulo langa ndi ili, chilichonse chomwe mungachifune mdani ali pafupi chikhale pa stick kapena pa throttle. Kusankha chida, kuloka radar, chaff ndi flare zomwe mumathira posokoneza mizinga ya adani, mabuleki a mumlengalenga, kuyandikitsa chithunzi, ndi batani lobwezera mutu pakati, limeneli musaliiwale poti pa kiyibodi lili pa 5 wa kumanja kuja ndipo simudzampeza mutapanikizika. Mabatani akachepa sankhani limodzi likhale losinthira, mukaligwira ena onse asinthe ntchito, apo 12 asanduka pafupifupi kawiri. Zina zonse, kuyatsa injini, mawayilesi, magetsi, dinani ndi mouse mkati mwa ndege momwemo, F/A-18C yanuyo, imene amati Hornet, pafupifupi batani lililonse limadinika. Mouse izikhala malo amodzi nthawi zonse kuti dzanja lizolowere. Pa kiyibodi matani kaselotepi kokhuthala pa mabatani awiri atatu ofunika, G wa matayala akhale woyamba. Ena amagwiritsa VoiceAttack kumangolankhula, ndipo OpenKneeboard imakuikirani manotsi anu pabondo mkati mwa VR. Stick yoyambira ngati Thrustmaster T.16000M ndi yokwana, za makampani a Virpil ndi VKB zidzabwera mukatsimikiza kuti simusiya.

Langizo lina lomwe simunapemphe, khalani pa Hornet yomweyo miyezi ingapo. Sitolo ya DCS imakopa, F-14 apa, Apache apo, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mu VR zala ndi zomwe zimaloweza, ndipo mukamasinthasintha ndege zimasokonezeka.

FUNSO: Mu F-16 ndikangomva RWR, kachipangizo kochenjeza za radar ya mdani, ikulira kuti mzinga ukubwera ndimathira chaff yense n'kukoka stick, komabe AMRAAM imandipeza. Njira yake ndi yotani? Ndine Wa F-16.

YANKHO: Mukuyamba kudziteteza mochedwa achimwene, ndipo ndikukayika kuti mutu umakhala uli mu sikilini ya radar. AMRAAM ija, imene amaitchanso AIM-120, ili ndi radar yakeyake yomwe imayatsa ikayandikira, nde pomwe RWR ikukuwa mwamphamvu ndiye kuti yatsala pang'ono kufika. Ganizani za mzinga ngati chinthu choti chitope. Injini yake imayaka masekondi ochepa chabe, kenako umangoyandama ndi liwiro lomwe unapeza, ndipo kukhota kulikonse kumaudyera liwirolo, makamaka mmunsi momwe mpweya ndi wochindikala. Nde mukaponya wanu musapitirire kulunjika mdani. Khotani mpaka akhale cha m'madigiri 50 kumbali, osafika 60 pomwe radar ya F-16 imathera, uku mukutsika. Mukumuonabe pa radar, koma mzinga wake ukuyenda ulendo wautali. Wanu ukayatsa radar yake, tembenukani muthawe ndi afterburner, mphamvu yonse ya injini, kapena muike mdaniyo ndendende pa phiko, pa 3 kapena 9 koloko, muli mmunsi kuti kumbuyo kwanu kukhale nthaka. Radar za Doppler zimasefa zinthu zomwe sizikuyandikira kapena kutalikira, nde mukadutsa chopingasa mumafanana ndi nthaka, apo ndi pomwe chaff amathandiza. Kuthira chaff mukulunjika mzinga ndi kungotaya.

Ndipo tulutsani mutu panja. Mzinga ukamanyamuka nthawi zina umasiya kamzere ka utsi, mu VR mutha kukaona n'kudziwa mbali yomwe ukuchokera RWR isananene zambiri. Mukakumana pafupi, chipewa cholozera mdani cha JHMCS ndi mzinga wa AIM-9X mu VR ndi zokoma zedi, mumangoyang'ana mdani ngati mmene mungayang'anire munthu wodutsa, loko yalira. Ikani pulogalamu ya Tacview kuti mukafa muzibwereza ndewu yonse muone pomwe mzinga unanyamukira, mudzapeza kuti nthawi zambiri munali ndi masekondi okwanira othawira koma munali bize kusintha range ya radar. Mudzatilembere mwezi wamawa mutiuze kuti unanyamukira pa mamailosi angati.