Yambani ndi kutsatira madziwo limodzi ndi anthu a m'dera lanu

Mayi, mwafunsa kuti mungawaphunzitse bwanji anthu a m'dera lanu kusamala ngalande, popeza chaka chilichonse mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, koma anthu sakusiya kutaya zinyalala m'ngalandemo ngakhale akhansala anayankhulapo kangapo. Ndakhala ndikugwira nawo ntchitoyi m'dera lathu kuno ku Blantyre, ndipo ndaona kuti anthu ambiri akudziwa kale kuti majumbo, mabotolo ndi matewera a ana amatseka kalavati. Chimene ambiri sanachionepo ndi maso awo ndi kumene madzi ochoka pabwalo pawo amakathera, ndiponso nyumba imene madziwo amakaononga.

Anthu amadabwa mukawawerengera kuchuluka kwa madzi a padenga limodzi. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, limatsitsa malita 2,000, kutanthauza migolo 10 ya malita 200. Kale madzi otere ankalowa m'nthaka, koma lero ambiri tinapaka simenti pabwalo ponse, tinamanga mpanda wa njerwa, n'kusiya chibowo pansi pa mpandawo choti madzi azitulukira kwa mnansi wakumunsi. Choncho munthu amene sanatayepo jumbo m'ngalande akhoza kukhala amene akumiza nyumba ya mnzake, iye osadziwa.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti phunziro loyamba lichitikire pamsewu, tsiku limene mvula yangokata. Ife tinaitana amfumu, amayi angapo, achinyamata ndi eni magolosale, tinayambira kumtunda n'kumatsika motsatira madziwo. Titafika pa kalavati wina tinapeza thumba la makala lodzaza mchenga litatseka pakamwa pake, madzi atapatuka n'kukumba njira yawo kulowera m'khonde la mayi wina wachikulire, amene tinampeza akukapa madzi ndi beseni, matiresi atawaimika pakhoma. Bambo wina wakumtunda, amene ankakana kuti vutoli likumukhudza, anangoima chete, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi fosholo yake. Sindikhulupirira kuti chikwangwani kapena chimkuzamawu chikanamusintha chonchi.

Mukatero, ngalandeyo igawidwe, chigawo chilichonse chikhale ndi makomo odziwika ochiyang'anira, ndipo mayina awo alembedwe kwa amfumu. Eni nyumba asasiyidwe kunja, chifukwa munthu wa lendi amene akhoza kusamuka mwezi wamawa sangathyole simenti kapena kuika migolo yokololera madzi pa nyumba ya mwini. Nthawi yabwino yokonza ndi Okutobala, chizimalupsa chisanagwe, matope akadali ouma ndiponso opepuka. Tsiku losesa limene Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa mu 2020 linasonyeza kuti anthu amatuluka akaitanidwa, koma kusesa kokha sikukwanira. Zinyalala zikavuulidwa n'kuunjikidwa m'mphepete mwa msewu, mvula yotsatira imazibwezera momwemo, ndipo anthu amataya mtima. Musanaitane anthu, gwirizanani kaye ndi akhansala anu za tsiku limene galimoto ya khonsolo idzabwere, kapena sonkhani ndalama zochepa za ngolo kapena lole. Munthu amene mukumuletsa kutaya m'ngalande ayenera kuuzidwa kumene azikataya, apo ayi adzadikira usiku mvula ikamagwa.

Pali mbali ina yovuta imene siyenera kuzembedwa. Okumba mchenga m'mitsinje monga Mudi ndi Nasolo, oumba njerwa m'mphepete mwake, ndi omanga m'mapiri amene mitengo inatha, ambiri akufuna chakudya cha ana awo ndi pogona. Kuwanyoza pamsonkhano kumangowathamangitsa, pamene iwo ndi amene amaudziwa mtsinjewo kuposa tonsefe. Aitaneni alowe m'komiti, asonyeze okha pamene gombe likugumuka, ndipo atsogolere pobzala vetiva, nsungwi ndi mitengo pamalo amenewo. Tonse tikukumbukira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ngalande zoyera sizikanaimitsa phiri, koma anthu odziwa njira ya madzi m'dera lawo, amene anagwirizana kale kothawira ndiponso woti azifalitsa chenjezo la a zanyengo ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), amakhala ndi mwayi wochoka nthawi ikadalipo.

Musaiwalenso kukamba za matenda, chifukwa amayi ambiri amamva msanga pamenepo. Madzi a mvula akasefukira amadutsa m'zimbudzi zokumba n'kukalowa m'zitsime zosatetezedwa, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akhoza kufotokoza zimenezi bwino pa sikelo ya ana, ndipo aphunzitsi akhoza kupempha ophunzira kuti ajambule mapu osonyeza kumene madzi a kwawo amadutsa. Mapu amenewo mukawasonkhanitsa, pitani nawo kwa akhansala pokapempha kalavati watsopano, mutalembapo nyumba zimene zinalowa madzi chaka chatha.