Nkhope zoyera mbee pa zithunzi za black and white za pakonsati

Mwafunsa chifukwa chake mukajambula oimba usiku n'kusandutsa zithunzizo kukhala za black and white, nkhope zimayera mbee, maso ndi mphuno osaonekanso, ndipo zina zimatuluka ngati kamera inagwedezeka. Awa ndi mavuto awiri, magwero ake ndi osiyana.

Tiyambe ndi nkhope. Kamera ikakhala pa Auto imayeza kuwala kwa malo onse. Kumbuyo kwa oimba nthawi zambiri kumakhala bii, ndiye iyo imaona ngati kwada kwambiri n'kuwonjezera kuwala, nkhope yomwe yawombedwa ndi magetsi n'kupsa. Ikani pa Manual, pomwe mumadzisankhira nokha zonse, sankhani spot metering, yomwe imayeza kuwala pa kamalo kakang'ono kokha, muyeze pa tsaya kapena pachipumi pa woimbayo. Kumbuyo kukada, kusiyeni kude, mdima umenewo ndi umene umachititsa kuti nkhope ndi manja zitumphuke pa chithunzi. Poyambira yesani f/2.8 (kukula kwa bowo la lenzi), 1/250 (liwiro la shutter, gawo la sekondi limene kamera imatsegukira kuwala) ndi ISO 3200 (mphamvu ya kamera yomva kuwala), kenako muzisintha ISO magetsi akamasintha.

Magetsi ofiira ndiwo amavuta koposa. Kamera imalemba kuwala m'zigawo zitatu: chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Woimba akawalitsidwa ndi getsi lofiira lokha, pafupifupi kuwala konse kumathira m'chigawo chimodzi, chimadzaza, ndipo makwinya, thukuta ndi mizere ya pankhope zimafufutika. Mukaona kufiira, chepetsani kuwala ndi stop imodzi, kutanthauza ndi theka, mwachitsanzo kuchoka pa ISO 3200 kufika 1600. Ndipo chonde jambulani RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yalemba. Mutha kuika kamera pa Monochrome kuti pa sikirini muziona black and white, RAW imasungabe mitundu yonse. Koma dziwani kuti histogram ya pa kamera, tchati choonetsa kuchuluka kwa kuwala, imatengera chithunzi chimene mukuonacho, ndiye pa Monochrome siikuchenjezani kuti chigawo chofiira chadzaza. Muyenera kuchenjera nokha. Posandutsa chithunzi pa kompyuta musangochotsa saturation, mphamvu ya mitundu. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, tsegulani B&W Mix, mutsitse red ndi magenta pang'onopang'ono mpaka khungu libwerere. Pomwe panapseratu palibe chobweza.

Za kugwedezeka, nthawi zambiri si manja anu, ndi woimbayo amene akusuntha. Stabilisation ya mu lenzi, yochepetsa kugwedezeka, imathandiza manja okha, siimitsa munthu. Woimba amene waima pa maikolofoni 1/250 imamukwanira. Wodumpha, wopukusa mutu ndi wang'oma amafuna 1/500 kapena kuposa. Musaope ISO 6400. Timadontho tamitundu timene timabwera ndi ISO yokwera n'kumanyansa pa chithunzi cha kala timatha mukasandutsa kukhala black and white, totsalato timaoneka ngati mchenga wa filimu, ndipo ine ndimaona kuti timakometsa. Ojambula ndi filimu amatenga Kodak Tri-X 400 kapena Ilford HP5 Plus n'kuijambula ngati ya 1600 mwadala, mchengawo akuufuna. Pa wang'oma yesaninso 1/60 panthawi imene mutu wake wakhazikika: nkhope imagwira, timitengo timasiya mizere m'mwamba. Zambiri zidzalephera, koma yogwira imakhala yabwino zedi.

Pali kusaoneka bwino kwina kochokera ku focus. Maikolofoni ili patsogolo pa nkhope, ndipo kamera imakonda kugwira chimene chili pafupi. Ikani AF-C, focus yotsatira munthu akamasuntha, pa Canon imatchedwa Servo, musankhe kadontho kamodzi n'kukaika pa diso. Musaime moyang'anizana ndi woimba, maikolofoni imatseka pakamwa. Sunthirani chakumbali, mudikire pamene wabweza mutu kuti apume kapena akukoka mawu aatali.

Mukaona mizere yakuda yopingasa pa chithunzi, amenewo ndi magetsi a LED, amaphethira mofulumira moti diso silizindikira. Zimitsani silent shutter, yojambula mosamveka phokoso, mubwerere ku mechanical, yomveka kulira, ndipo mizereyo ikapitirira tsitsani liwiro la shutter pang'ono.

Lenzi: 24-70mm f/2.8 mukakhala kutsogolo kwenikweni, 70-200mm f/2.8 mukakhala patali kapena pofuna wang'oma amene amakhala kumbuyo. Amene akuyamba kumene, 50mm f/1.8 imagwira ntchito yaikulu, kungoti pa f/1.8 focus ikaphonya pang'ono diso limasowa.

Fulashi ayi. Imapha mithunzi imene mukuifunayo, imasokonezanso oimba, ndipo m'makonsati akuluakulu ambiri amangolola nyimbo zitatu zoyamba popanda fulashi. Choncho konzeranitu kamera oimba asanakwere, ndipo mutenge zotsekera m'makutu chifukwa mudzaima pafupi ndi masipika. Mukamajambula muziyang'ana kumene kuwala kukuchokera kusiyana ndi mtundu wake. Getsi lochokera kumbali limaonetsa minofu ndi thukuta, lochokera kumbuyo limazunguliza tsitsi ndi mapewa mzere woyera, makamaka utsi ukatulutsidwa. Pamenepo ikani hood, kachipewa kotchinga kuwala, pa lenzi ndipo musunthe mpaka mutu wa woimba utseke getsi lenilenilo, apo ayi chithunzi chonse chimatuwa.