Bolodi yanga sikupezeka mu coreboot, ndilembe dalaivala wa chipset?

Funso ili latipeza pa imelo, ndipo talifupikitsa: "C ndimaidziwa ndithu. Ndili ndi bolodi yakale ya Intel, ya Ivy Bridge, yomwe palibe pamndandanda wa coreboot. Ndinatenga khodi ya bolodi ina yofanana nayo n'kuilemba mu tchipi, koma sikirini inangoti bii, fani yokha ndiyo inkazungulira. Firmware yakale ndaibwezeretsa. Kodi ndilembe dalaivala wa chipset watsopano? Ndiyambire pati?"

Ayi akulu, dalaivala watsopano musavutike naye. Ivy Bridge inatuluka mu 2012 ndipo coreboot, firmware yotseguka yolowa m'malo mwa BIOS ya wopanga, imaidziwa bwino. Khodi yake ili mu src/northbridge/intel/sandybridge, ya PCH (tchipi ya chipset yolumikiza CPU ndi zida zina za pabolodi) ili mu src/southbridge/intel/bd82x6x, ndipo ngakhale yodzutsa RAM ndi yotseguka. Chikusowa n'chakuti coreboot sinauzidwe mmene bolodi yanuyo anailumikizira. Tsimikizani nokha: pa Linux lembani lspci -nn, muone mzere wa 00:1f.0. Mukapeza, mwachitsanzo, 8086:1e44, imeneyo ndi Z77. Sakani nambalayo, kapena dzina la chipsetcho, mu lpc.c ya bd82x6x. Ikapezeka, chipset chilipo kale. Ikasowa koma abale ake alipo, nthawi zambiri ntchito yake ndi kungowonjezera nambalayo pamndandanda.

Poti munatha kubwezeretsa firmware, chida cholembera tchipi muli nacho, choncho tingokumbutsa pang'ono. Werengani tchipi ya flash, mmene mumakhala firmware, kawiri ndi flashrom, mufananize ndi sha256sum, chifukwa kilipi ya miyendo 8 ikagwira mopendekera imapereka fayilo yabodza. Lembani gawo la BIOS lokha, ndi --ifd -i bios. Magawo ena a mu tchipiyo, Descriptor, ME ndi GbE, asiyeni, mu GbE ndimo muli adiresi ya MAC. Komanso zida zolembera tchipi za CH341A zakuda zija zambiri zimatulutsa 5V pamizere ya data pamene tchipi ndi ya 3.3V, ndiye yezani kaye ndi mita.

Kutenga khodi ya bolodi ina yonse yathunthu ndiye tikukuletsani. Fayilo ya gpio.c imanena kuti mwendo uti wa PCH ukutulutsa magetsi, uti ukulandira, ndipo izi zimasiyana bolodi iliyonse. Mwendo wina umayatsa magetsi a RAM, wina umagwira reset. Mukalamula mwendo kuti utulutse magetsi pamzere umene tchipi ina ikutulutsanso, mukhoza kuwotcha chinthu. Gwiritsani ntchito util/autoport muli pa firmware yakale. Imayendetsa inteltool, superiotool, ectool ndi acpidump, kenako n'kukulemberani Kconfig, devicetree.cb ndi gpio.c za bolodi yanu yeniyeni. Sizituluka zangwiro, komabe poyambira pamakhala poona.

Tsopano pachimake. Sikirini yakuda sikuuzani kanthu, chifukwa chithunzi chimabwera kumapeto. CPU ikadzuka imawerenga lamulo loyamba pa 0xFFFFFFF0, imalowa mu bootblock RAM isanadzuke n'komwe, n'kumagwiritsa ntchito cache yake m'malo mwa RAM. Kenako romstage imadzutsa RAM, ramstage imakonza zida za PCI, ndipo payload, pulogalamu yodzutsa operating system monga SeaBIOS, imabwera pomaliza. Makina akhoza kufera paliponse panjirayi. Cholinga chanu choyamba chikhale chimodzi: chilembo chimodzi chokha chituluke pa serial, doko la COM lotumiza zolemba ku kompyuta ina.

Serial imeneyi ili mu tchipi ya Super I/O, yomwe imalankhula ndi PCH kudzera pa mizere yotchedwa LPC, ndipo apa ndi pamene ambiri amakodwa. PCH siitumiza madoko a Super I/O ku LPC isanauzidwe. Pa chida cha 0:1f.0 pali register ya LPC_EN, pa 0x82. Bit 12 imatsegula madoko a 0x2E ndi 0x2F, bit 13 imatsegula 0x4E ndi 0x4F, bit 0 imatsegula COM yoyamba. Zikakhala zotseka, chilichonse mungawerenge chimabwera 0xFF, munthu n'kumaganiza kuti tchipi yafa. Zikatseguka, gogodani ndi kiyi woyenera. Za Nuvoton ndi Winbond zimafuna 0x87 kawiri. Za ITE pa 0x2E zimafuna 0x87, 0x01, 0x55, 0x55. Werengani 0x20 ndi 0x21 muone ngati nambala ya tchipi ikugwirizana ndi imene superiotool inanena. Kenako sankhani UART, gawo la serial la mu tchipiyo, polemba nambala yake pa 0x07, ikani 0x3F8 pa 0x60 ndi 0x61, yatsani ndi 1 pa 0x30. Kompyuta ina, yolumikizidwa pa serial, ikhale ikumvetsera pa liwiro la 115200. Mukaona zilembo zosokonekera, sangalalani, zikutanthauza kuti khodi ikuyenda. Vuto ndi liwiro chabe, kawirikawiri wotchi ya Super I/O yaikidwa pa 24 MHz pamene bolodi ikupereka 48, kapena mosemphanitsa. Bolodi ikakhala yopanda serial, pali khadi ya POST yowerenga doko la 0x80, pali USB debug ya EHCI, palinso njira yolembera uthenga mu tchipi ya flash momwemo n'kudzawerenga pambuyo.

Mukayamba kuona zolemba, malo achiwiri ofera ndi RAM. Ndodo iliyonse ya DDR3 ili ndi katchipi ka SPD ka ma byte 256, kosunga mfundo za ndodoyo, kowerengedwa pa SMBus, pa maadiresi a 0x50 mpaka 0x53. Opanga mabolodi sagwirizana kuti polowetsa pati pakhale adiresi iti. Ya malo awiri ikhoza kukhala 0x50 ndi 0x52, ina 0x50 ndi 0x51. Mukasokoneza, coreboot imanena kuti palibe RAM, kapena imayesa kuphunzitsa channel yopanda ndodo n'kuima pomwepo. Pa firmware yakale ikani ndodo imodzi, yendetsani i2cdetect, lembani adiresi, isunthireni pena, bwerezani.

Tsiku lina mudzalembadi dalaivala, mwina wa katchipi kena ka PCI ka pabolodipo. Maonekedwe ake ndi osavuta: struct pci_driver yokhala ndi nambala za chidacho, ndi device_operations yokhala ndi read_resources, set_resources, enable_resources ndi init. Zolakwika zimachuluka mu read_resources. Malo okhazikika, monga RCBA pa 0xFED1C000 kapena PMBASE pa 0x500, mukapanda kuwalembetsa, wogawa maadiresi amawayesa opanda mwini n'kuikapo chida china, ndipo makina amafa patsogolo, pamalo ooneka ngati osakhudzana n'komwe. Chenjerani ndi ma register a status amene bit yake imafufutika mukalembapo 1. Kuwerenga, kusintha bit imodzi n'kulembanso zonse kumafufuta zimene simunafune. Ena akatsekedwa satsegukanso mpaka reset, choncho kutseka kubwere pomaliza.

Chipset chachilendo kotheratu ndi nkhani ina. Pa Intel zatsopano, monga Skylake kupita mtsogolo, RAM imadzutsidwa ndi FSP, khodi yotseka yochokera ku Intel, ndipo ntchito yanu imakhala kuipatsa zosankha zoyenera. Ngati wopanga anawotcheratu Boot Guard mu chipset, firmware yopanda siginecha yake siyenda. Yanuyi ndi yakale kuposa Boot Guard, ndiye zimenezo sizikukhudzani.

Ikadzuka mpaka Linux, yesani S3 (kugoneka makina n'kuwadzutsa), madoko onse a USB ndi SATA, ndipo werengani cbmem -c. Kenako tumizani ku Gerrit ya coreboot, kumene khodi imaunikidwa, tizigawo ting'onoting'ono, kalikonse ndi git commit -s, mutalemba zimene mwayesa ndi zimene sizikugwira. Khodi yonse ikhale yoti ingatuluke pansi pa GPL 2. Zokopera mu firmware ya wopanga kapena m'mapepala achinsinsi a NDA zisalowemo.